Mphunzitsi wa Ana Osamva Tinampatsa Chimkuzamawu

Lachiwiri lapitali ndinaitanidwa kukatsegula ndi pemphero mwambo wa pasukulu ina ya pulayimale kuno kwa Malemia. Dzina lake sinditchula. Zimene ndinaona kumeneko zikanatha kuchitika pasukulu iliyonse kuyambira ku Chikwawa mpaka ku Marka, ndiye sichingakhale chilungamo kuloza chala imodzi yokha.

Chimwalirireni mayi a kunyumba kwanga, anthu anazindikira kuti ndilibenso wondifunsa kuti ndibwerako nthawi yanji. Tsono kukakhala kutsegulira mjigo, kamlatho, kaya chimbudzi chatsopano cha pamsika, kalata imafika kwa ine: "Akulu ampingo, mudzatiyambire ndi pemphero." Sindikana. Jekete ndili nalo, njinga ikadayenda.

Ulendo uno chotsegulira chinali chipinda chophunziriramo ana aulumali: osamva, osaona, ndi ena amene zinthu zimalowa m'mutu mwawo pang'onopang'ono. Anamanga ndi a bungwe lina. Ndinapita wokondwa, pakuti chinthu chotere kwathu kuno takhala tikuchilira nthawi yaitali.

Ondidziwa angandichitire umboni kuti sindifulumira kunena munthu. Nkhaniyi ndaisunga mumtima masiku asanu, ndaipempherera, ndayesa kuwapezera anzangawo chowiringula. Sichinapezeke. Ndiye lero mundikhululukire, cholembera changa sichikhala chaulemu monga mwa masiku onse.

Ndinafika m'mawa dzuwa lisanayambe kuluma. Pansi pa mtengo wa nimu, kumbali kwa bwalo, ndinapeza mayi wina atakhala pansi ndi mtsikana wa zaka ngati khumi ndi chimodzi. Onse awiri miyendo inali itayera ndi matope ouma mpaka m'mawondo.

"Mwadzuka bwanji, mayi? Matope amenewa mwawapeza kuti chilimwe chino?"

"Tadzuka, baba. Tachokera kutsidya, kwa Nyachikadza. Madzi aphwa, ndiye bwato limatitsitsa patali, kwinako timaponda thope."

Anati iwo ndi a Luwiza, mwanayo ndi Joana. Ndinampatsa moni Joanayo. Anangondiyang'ana pakamwa.

"Samva, baba. Malungo anamugwira ali ndi zaka zitatu, anakomoka masiku awiri. Podzuka, makutu nkhabe, osamvanso."

Joana wakhala mu Sitandade 2 zaka zitatu. A Luwiza anatulutsa kope m'kajumbo n'kundionetsa. Zilembo zoongoka bwino, kuposa za ana ambiri akumva amene ndikuwadziwa. Koma mwa zonse zimene analembamo, mwanayo sadziwa tanthauzo la liwu ngakhale limodzi. Amajambula zilembo zapabolodi monga mmene mwana wina angajambulire nkhuku.

Chimene anawolokera Shire sichinali mwambo ayi. M'dera lathu lonseli muli mphunzitsi mmodzi yekha amene anaphunzira za ana oterewa, a Bizeki, ndipo ndiwo amadziwa chinenero chamanja. Kuti mwana wosamva apeze malo kusukulu yogonera komweko ya ana osamva, amayenera kuyesedwa ndi a Bizeki, iwo alembe fomu, ahedi a pasukulu imeneyi adindepo chidindo, kenaka fomuyo ipite kuboma pamodzi ndi maina a anzake. A Bizeki anali atatumiza uthenga kutsidya kuti: bwerani Lachiwiri, ndidzakhala pasukulu tsiku lonse, maina akupita Lachitatu.

"Chaka chatha madzi anatitsekera," anatero a Luwiza. "Chaka chinacho tinabwera, aphunzitsi njinga yawo yamoto inafera panjira, sanafike. Tsopano andiuza kuti mwanayu akukula, kumeneko amafuna aang'onoang'ono. Chaka chino chikadutsa, basi."

Ndinawalimbitsa mtima. Ndinati lero palibe chovuta, aphunzitsi alipo, ahedi alipo, chipinda chilipo. Ndimomwe amayankhulira munthu amene sanaone zimene zikubwera.

Ndinanyamuka kukawafuna a Bizeki. Sanavute kupeza, chifukwa mawu awo anali kumveka bwalo lonse: "Wani, thu. Wani, thu. Kumbuyoko mukundimva?"

Mwamva bwino, awerengi. Pa aphunzitsi onse a pasukulupo, amene anasankhidwa kuyendetsa mwambo, kugwira chimkuzamawu ndi kuitana olankhula, anali mphunzitsi yekhayo wa ana osamva.

Atandiona anatsitsa chimkuzamawu. Ndi munthu wofatsa, wazaka zapakatikati, ndipo thukuta linali litayamba kale kudutsa malaya.

"Mayi ajawo ndawaona, akulu ampingo. Mphindi makumi awiri zokha zingandikwane. Vuto ndi lakuti mafomu, kang'oma, belu ndi zithunzi zoyesera ana, zonse zili m'chipindamo. Tinaziyala patebulo dzulo kuti alendo adzaone."

"Nanga osangolowa n'kutenga bwanji?"

Anandilozera ndi mlomo. Pakhomo la chipinda chatsopanocho panali liboni lofiira, lomangidwa kuchokera mbali iyi kufika inayo, ndipo kuseri kwa libonilo kunali loko.

Ndinapita kwa ahedi. Ndinawapeza akuwerengetsa mipando ya pulasitiki.

"Ahedi, pali mayi wachokera kutsidya ndi mwana wosamva. Alendo sanafike. Bwanji a Bizeki alowe atenge fomu imodzi amuyese mwanayo tikudikiramu?"

Anandiyang'ana ngati ndapempha kuti tidye mgonero ubatizo usanachitike.

"Akulu ampingo, inunso? Mukufuna mlendo wolemekezeka adzadule liboni la chipinda cholowedwa kale? Ndiye kutsegulira kwake kukhala pati?"

"Munthu mmodzi yekha, adutse pansi pa libonilo. Mlendo sadziwa."

"Pansi takolopa kawiri. Mapazi aoneka. Komanso a Bizeki sangachoke apa, akundikonzera mawu anga m'Chingerezi. Ndi okhawo pasukulu pano amene Chingerezi chawo sichipunthwa. Mayiwo auzeni asadere nkhawa, lero ndi tsiku lawo."

Tsiku lawo.

Papulogalamu analemba kuti mwambo uyamba naini koloko. Magalimoto a alendo anatulukira dzuwa lili paliwombo. Maola atatu onsewo, mphunzitsi anali pomwepo, mwana anali pomwepo, fomu inali mapazi khumi kuchokera pamene tinaima. Chotilekanitsa chinali kansalu kofiira kopyapyala ngati lamba wa diresi. Anthu akuluakulu ndevu pepeya, ophunzira, okhoza kuwoloka Shire atadzaza, tinalephera kuwoloka kansalu.

Matenti anali awiri, la alendo ndi la akuluakulu a m'dera. Ana aulumali ndi makolo awo anawakhazika pansi, kutsogolo, poonekera bwino. Pofuna kupeza malo a ana osamva, wapampando wa komiti ya sukulu anaganiza mwamsanga:

"Awawa aikeni pafupi ndi masipika. Phokoso siliwavuta."

Anthu anaseka. Anawaikadi pamenepo, padzuwa, pamodzi ndi amayi awo, amene makutu awo ndi abwinobwino.

Apa ndiyambe ndadziweruza ndekha ndisanapitirire kwa ena. Ataitana pemphero ndinaimirira n'kunena monga ndimanenera nthawi zonse kuti, "Tiyeni tonse titseke maso." Ndinapemphera motalika, pakuti pamaso pa alendo ife akulu ampingo timaiwala kuti Mulungu amamva ndi pemphero lalifupi lomwe. Nditati Ameni n'kutsegula maso, anthu onse anali atadzutsa mitu, kupatula Joana. Anali chiweramire, maso ali tseke, mpaka amayi ake anamugwedeza paphewa. Mwana amene dziko lonse limamufikira kudzera m'maso, ine ndinamutsekera khomo lokhalo limene ali nalo. Sindinaganizepo. Zaka zonsezi sindinaganizepo.

Kenaka anayamba olankhula. Mukuudziwa mwambo wathu. Aliyense asananene chimene waimirira, ayambe walonjera mlendo wolemekezeka, wachiwiri wake, oimira uyu, oimira uyo, wapampando, wachiwiri kwa wapampando, mpaka amalize onse okhala pamipando. Wotsatira nayenso ayambire pomwepo, kuopa kuti mwina mlendoyo waiwala udindo wake pa mphindi khumi zapitazo. Analankhula anthu asanu ndi awiri. Onse ananena kuti mwana aliyense ali ndi ufulu wophunzira. Onse tinawaombera m'manja.

Ana osamva aja sanatolepo kanthu. Manja okhawo pabwalopo amene akanawamasulira anali otanganidwa: lina linagwira chimkuzamawu, lina pepala la pulogalamu. A Bizeki ankamasulira ndithu, koma kuchokera m'Chichewa kupita m'Chingerezi, kuti alendo asatsalire.

Ndikufunseni, abale anga: mwambo wa ana osamva umene wosamva sakumvapo kanthu, koma mlendo akumva kawiri, ndi mwambo wa yani?

Liboni linadulidwa cha m'ma thu koloko. Nthungululu. Alendo analowa, ojambula pambuyo. Panafunika mwana wokhala padesiki kuti chithunzi chikome, ndipo wina analoza Joana. Ndinali pakhomo, ndinaona. Anamukhazika, anamugwiritsa chithunzi cha mbuzi, ndipo wojambula anati, "Aphunzitsi, tachitani zamanja zija."

A Bizeki anagwada pamaso pa mwanayo. Analoza chithunzicho, n'kupanga chizindikiro ndi dzanja. Anabwereza. Joana anayang'ana chithunzi, anayang'ana dzanja, n'kukweza lake kuyesa. Anakhoza. Nkhope yake sindingathe kuifotokoza papepala. Anagwira mkono wa aphunzitsiwo ndi manja onse awiri, n'kuloza desiki, kuloza zenera, kuloza belu, kufuna kuti amuuze zonse nthawi imodzi.

"Zakwana, zikomo," anatero wojambula.

Phunziro loyamba la Joana m'moyo wake linatenga mphindi ziwiri.

Onse anatuluka. Ahedi anakhoma chitseko kuti fumbi lisalowe, makiyi m'thumba. Alendo ankayembekezeredwa kuboma ku chakudya chamasana, ndipo a Bizeki anayenera kupita nawo, pakuti Chingerezi chimafunikanso pakudya.

Koma munthu uja ndimulemekeze. Potuluka m'chipindamo anali atapinda fomu imodzi n'kuibisa m'thumba la malaya, ngati wakuba. Madalaivala akuliza magalimoto, anatikokera kuseri kwa tenti. Anaima kumbuyo kwa Joana n'kuomba m'manja. Mwana duu. Anatola chivundikiro cha poto cha amayi ophika n'kuchimenya ndi mwala pafupi ndi khutu lamanja, kenaka lamanzere. Anafunsa a Luwiza mafunso mothamanga, akulemba fomu itatsamira pakaliyala ya njinga yanga. Hutala inalira kawiri.

"Si mmene timayesera mwana umu, akulu ampingo," anatero, osandiyang'ana. "Koma bola. Chatsala ndi chidindo."

Anathamangira galimoto. Ahedi anali atapita kale m'galimoto yoyamba.

A Luwiza anayang'ana dzuwa. Padoko ndi patali, bwato lomaliza silidikira munthu, ndipo kunyumba anasiya wakhanda kwa mnansi.

"Baba, inu ndinu munthu wa Mulungu. Pepalali ndikusiyirani."

Ndinalandira. Ndinati mawa m'mamawa chidindo chikhala chitadindidwa.

Tsopano tiyeni tikambirane, ife a kuchigwa kuno. Ndani anatilodza ndi miyambo yotsegulira? Chinthu sichikhala chinthu kufikira munthu wa galimoto atachiloza ndi sizasi. Mjigo umatha sabata zitatu uli womangidwa unyolo, amayi akutunga kumtsinje kumene kuli ng'ona, kudikira tsiku limene bwana adzapeze mpata wodzapopa kawiri n'kujambulidwa. Zimenezo tinazolowera, timangoseka. Koma madzi amadikira. Mwana sadikira, amakula.

Ndipo taonani mmene timagwiritsira ntchito anthu athu odziwa. Tikakhala ndi mmodzi wa luso losowa, timamuika pa ntchito imene wina aliyense angaigwire. Aphunzitsi okhoza kuitana maina pachimkuzamawu analipo khumi ndi kuposa. Chingerezi chawo chikanapunthwa, inde. Mlendo akanafa nacho? Kodi anabwera kudzayesa galamala? Koma manyazi athu pamaso pa mlendo ndi aakulu kuposa manyazi athu pamaso pa mwana. Mlendo akamva "is" pamalo pa "are" tigona osadya. Mwana akabwerera kutsidya osathandizidwa, tigona tulo tabwino.

Makolo a ana amenewa timawakumbukira pakafunika anthu okhala kutsogolo. Uthenga umafika msanga pamenepo, ngakhale kwa Nyachikadza kumene amati n'kovuta kufikako. Amawaitana, amawalemba maina, amawaveka malaya olembedwa mawu okoma pamsana. Masiku ena onse a chaka, mayi ali yekha. Ndiye mphunzitsi, ndiye dokotala, ndiye womasulira, ndiye woyankha achibale amene amafunsa kuti kodi kwanu kuli chiyani kuti mubereke wotere. Palibe amamuuza kumene angapite, kapena chimene angachite ndi mwanayo pakhomo. Zimene akudziwa anazitola yekha.

A Luwiza sanapemphe ufa. Sanapemphe chitenje. Anapempha mphindi makumi awiri za munthu mmodzi, ndi dzanja lina loti litsitse chidindo papepala. Tinawapatsa maola asanu a kudikira ndi zolankhula ndi botolo limodzi la chakumwa chofunda.

Ampingo anzanga, musaseke aphunzitsi. Kwathu kutchalitchi kuli bambo wosamva amene wakhala pabenchi lakumbuyo zaka zambiri. Timamuwerengera pa anthu okhulupirika chifukwa sajomba. Ulaliki ngakhale umodzi sanaumvepo. Tili ndi komiti ya maluwa, komiti ya matenti, komiti yolandira alendo. Munthu mmodzi woti aphunzire kulankhula ndi manja sitinamutumepo. Makolo a ana otere akabwera kudzatidandaulira, timawauza kuti apirire, n'kuwapempherera titatseka maso.

Ndibwerere ku pepala lija.

Lachitatu ndinafika pasukulu belu loyamba lisanalire. Ahedi kunalibe. Achiwiri awo anati apita kuboma kukapereka lipoti la mwambo, ndiponso maina a ana.

"Nanga chidindo?"

"Chili m'dirowa, akulu ampingo."

"Ndiye tsegulani mudinde."

"Kiyi amayenda nayo eni ake. Chidindo sichigwiridwa ndi munthu wamba."

Ndinakhala pakhonde mpaka ana anaweruka. Sanabwere.

Lachinayi ndinawapeza. Anandilandira ndi manja awiri, anayamikira pemphero langa kuti alendo analikonda, anatsegula dirowa, anapumira mpweya pachidindo, n'kudinda mwamphamvu mpaka tebulo linagwedera.

"Basi, zatheka. Kungoti mwachedwa tsiku limodzi lokha. Maina ndinakapereka dzulo. Koma musadandaule, chaka chamawa mwana ameneyu akhala woyamba pamndandanda."

Ndachedwa ine.

Mawu amene anabwera pakamwa panga sanali oyenera mkulu wampingo. Ndinangoti zikomo.

Lachisanu ndinapalasa njinga kupita kuboma ndi fomuyo. Mayi amene ndinamupeza muofesi anandilandira bwino, anandipatsa mpando ndi madzi akumwa. Anati envulopu ya maina inatumizidwa kale Lachitatu, pakuti tsiku lotsekera linali lomwelo. Anati fomuyo ndiisiye, ayesa kuimba lamya, koma asandinamize, malo ndi ochepa ndipo amadzaza ndi maina ofika pa nthawi yake. Ndinamuthokoza chifukwa cha kusandinamizako. Sabata yonseyi ndi iye yekha amene sanandiuze kuti ndisadandaule.

Loweruka ndi tsiku la msika kwathu, ndipo anthu a kutsidya amawoloka ndi mbatata ndi nsomba. Ndinadziwa kuti a Luwiza akhalapo. Ndinazungulira msika kawiri ndisanalimbe mtima kupita kumene amakhala a mbatata. Anandiona ndili patali, anaimirira, akupukuta manja pachitenje.

"Baba! Chidindo chatheka?"

"Chatheka, mayi."

"Takhuta! Takhuta, zikomo baba, Mulungu akudalitseni!"

Anawerama kuyamba kundisankhira mbatata zikuluzikulu. Ndinawagwira dzanja kuti aleke. Ndinawauza zonse, za Lachitatu, za dirowa, za envulopu, za mayi wa kuofesi amene ati ayesa. Sindinakometsere.

Sanalire. Sanatukwane munthu. Anabweza mbatata zija pamulu, imodziimodzi, n'kukhala pansi.

"Chibwerereni tsiku lija sakugona bwino," anatero. "Akungoloza mbuzi iliyonse m'mudzi n'kumapanga zamanja zija. Dzana anachapa zovala zake yekha, wazimanga m'kansalu, waika pakhomo. Bwato likamveka kufika, amaona anthu akuthamangira kudoko, iye amanyamula."

Anasasa dothi la mbatata m'manja mwawo n'kupitiriza.

"Ine ndi mwana wanga tili ndi zizindikiro zathu zimene tinapangana tokha. Cha madzi chilipo. Cha njala chilipo, cha ng'ona, cha kudwala, cha bwera kuno. Koma cha 'chaka chamawa' tilibe, baba. Ndikamuuze bwanji?"

 Funso limeneli ndikulipereka kwa inu amene munakhala m'matenti, inu amene munalankhula, ndi ife tonse amene tinaomba m'manja: ndani mwa ife awoloke Shire, akaime pamaso pa Joana, akamasule kansalu ka zovala kaja?